Tochi Imene Bambo Anga Sanayatse

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene bambo anga anandipatsa udindo wolondera chitseko. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Falls Church, chakufupi ndi Seven Corners, m'zipinda zapansi pa nyumba ya mayi wina wa ku Vietnam amene ankatichititsa lendi. Mawindo athu anali ang'onoang'ono, m'mwamba pafupi ndi denga, moti munthu akamabwera tinkayamba taona nsapato zake, nkhope pambuyo. Mpaka lero anthu ambiri a mpingo wathu wakale ndimawakumbukira ndi nsapato.

Bambo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ankawasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwanyamula kuwaika pa njinga yawo, ntchito yonse ya manja ndi msana. Mayi ankagwira ntchito yomweyo ku Wheaton, nthawi zambiri mashifiti awiri molumikiza. Koma tisanabwere kuno bambo anali msilikali ku Zomba, ndipo anzawo akale amati pa nkhani yolasa chandamale panalibe wowaposa m'gulu lawo lonse. Kuno palibe amene ankadziwa zimenezo. Kuntchito ankaitanidwa ndi dzina loyamba ndi timabwana tobadwa iwo atavala kale yunifomu. Loweruka lokha ndi limene ankakhalanso munthu, akapita ku bwalo lowomberapo mfuti kunja kwa tawuni, kumene ankapikisana ndi azungu okalamba kulasa pepala ndi volovolo, mfuti yaing'ono yogwira ndi dzanja limodzi ija.

Zipolopolo zamusitolo zinali zodula, komanso bambo ankati sizituluka mofanana. Choncho ankakonza okha, monga ankachitira ambiri opikisana nawo. Chipolopolo chikawombedwa pamatsala khoko lake lamkuwa. Makoko amenewa tinkatola, kuwatsuka, kenako bambo n'kuwadzazanso pa katebulo kawo m'kachipinda ka makina ochapira zovala. M'menemo munkanunkha sopo, mafuta a mfuti, ndi chitsulo. Pa tebulopo panali makina apamanja okhala ndi chogwirira, kasikelo koyezera wonga, ndi matabwa awiri okhala ndi zibowo zoimikamo makoko. Thabwa lakumanzere linali la makoko opanda kanthu, lakumanja la amene athiridwa kale wonga. Khoko linkachoka kumanzere kupita kumanja, osabwereranso. Akamaliza onse, asanatseke ndi mitu ya mtovu, ankatenga tochi yomwe inkakhala pa msomali n'kuunika khoko lililonse, limodzilimodzi, milomo ikuyenda ngati akupemphera.

Chifukwa chake anandiuza kamodzi kokha, ndipo sindinafunikire kuuzidwanso. Wonga wolowa m'khoko limodzi ndi wochepa kwambiri, moti ukathira kawiri sutayikira panja, sungaone kanthu pongoyang'ana patali. Koma chipolopolo choterocho chimang'amba mfuti ili m'dzanja. Ndiye lamulo linali limodzi: bambo akayamba kuthira wonga salankhula, sayankha foni, sapereka moni kwa munthu mpaka atamaliza ndi kuunika. Ine ntchito yanga inali kukhala pabalaza ndi homuweki yanga, n'kuuza aliyense wobwera kuti adikire. Ndinkaunyadira udindowo, ndisaname. Bambo anali atandilonjezanso kuti ndikakwanitsa zaka khumi ndi zitatu adzayamba kundiphunzitsa kuwombera.

Amalawi anzathu sankazikonda za mfutizi. Anthu anali asanaiwale masabata aja pamene munthu wina ankawombera anthu mobisala m'dera lathu lomweli, ife ana tikuthamanga mokhotakhota popita kukakwera basi ya sukulu. Mwamuna wosunga mfuti m'nyumba ankamuyang'ana cham'mbali. Ndipo woyamba kuyang'ana cham'mbali anali a Mangani, mkulu wa mpingo wathu.

A Mangani sanali munthu woipa, ndipo chimenechi ndi chimene chimandipweteka kwambiri ndikamawakumbukira. Anabwera ku Amereka kalekale, ife tisanalote n'komwe. Ndi iwo anatichingamira ku bwalo la ndege, tinagona pabalaza pawo mpaka titapeza pathu, ndipo ntchito ya bambo anaipeza ndi iwo. Mmalawi akamwalira kuno, ndi iwo ankayenda khomo ndi khomo kuti mtembo upite kumudzi. Kungoti anazolowera kuti akafika pamalo zonse ziziima. Iwo ankawaitana bambo anga kuti a Sajeni, mwina mwaulemu mwina mwachipongwe, zinkatengera tsiku.

Tsiku lina masana ndinaona nsapato zawo zabulawuni zosongoka zikudutsa pawindo. Bambo anali atangoyamba kuthira wonga. Ndinawatsegulira, ndinawapatsa moni bwinobwino, mawondo ndinapinda, ndi kuwalozera mpando.

"Adadi ali pa ntchito," ndinatero. "Akuti mudikire pang'ono."

"Akuti ndidikire? Ine?"

"Aliyense."

Liwu limeneli ndi limene linandipachika. Ndinalinena mosaganiza kanthu, monga momwe ndinauzidwira. A Mangani sanakhale pansi. Anaima pakati pa balaza akuyang'ana chitseko chotseka cha kachipinda kaja, kenako anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Bambo atamaliza anapeza mpando uli wokha.

Nkhani inafika ku Wheaton mayi asanaweruke. Madzulo amenewo mayi anandiwomba khofi limene linandisiya khutu likulira, kenako anatembenukira kwa bambo. Ankalankhula motsitsa mawu kuopa eni nyumba pamwamba, koma mawu aliwonse ankaluma.

"Munthu amene anatilandira tilibe ndi supuni yomwe, mwana wanu akumuimika pakhomo ngati wobweretsa pitsa? Mawa mukagwa n'kufa, ndani adzasonkhanitsa anthu kuti mukagone kwanu? Azungu anu akumfutiwo?"

Ndinadikira kuti bambo anene kuti lamulo linali lawo, ine ndinangotumidwa. Anangokhala chete akuyang'ana manja awo. Ndimawakonda bambo anga, koma chete wa tsiku limenelo sindinamukhululukire mpaka pano.

Chilango chinabwera Lamlungu. Mpingo wathu unkasonkhana masana mu holo yobwereka ku tchalitchi cha azungu, iwo akamaliza zawo. Mapemphero atatha, anthu ali ndi mbale zapepala m'manja, mayi anandikokera kutsogolo n'kundigwaditsa pamaso pa a Mangani. Simenti inali yozizira, ndipo diresi langa linali lalifupi. Ndinanena mawu amene ndinaphunzitsidwa m'galimoto: pepani abambo, ndinalakwa, sindidzachitanso. Chichewa changa chinali cha lilime lolemera, cha mwana amene amamva zonse koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, ndipo azimayi ena anaseka chobisa kukamwa. A Mangani anandigwira pamutu.

"Dzuka mwana wanga, zatha. Ana okulira kunowa ali ngati nkhuku zachizungu, thupi kukula msanga nzeru zili m'mbuyo. Tiziwaphunzitsa."

Anthu anawomba m'manja. Wina anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ena n'kuvomera. Bambo anali ataima pafupi ndi tebulo la zakumwa, akuthira madzi m'kapu imene inali yodzaza kale. Pobwerera kunyumba mayi ananena kuti za kulondera chitseko zatha, munthu wamkulu akabwera azilowa. Bambo sanatsutse.

Panapita masabata angapo. Masamba anayamba kufiira, ndipo mpikisano waukulu wa chaka unayandikira, umene bambo anaukonzekera kuyambira dzinja la chisanu litatha. Anali atasinthana shifiti ndi mnzawo kuti Loweruka limenelo akhale omasuka. Sabata yonse ankakonza zipolopolo pang'onopang'ono akaweruka, ndipo Lachisanu masana anatsala ndi gawo lomaliza. Mayi anali ku ntchito. Ine ndinali pabalaza pamene nsapato zosongoka zija zinadutsanso pawindo.

Ndinatsegula, ndinagwada, sindinanene za kudikira. A Mangani anali osangalala tsiku limenelo, anabweretsa ndi thumba la malalanje. Anati abwera kudzaonetsa kuti mumtima mwawo mulibe kanthu, komanso kudzaona ndi maso awo chimene chimawatsekera a Sajeni m'kachipinda. Anagogoda kamodzi n'kutsegula okha.

Bambo anali pakati pothira wonga, thabwa lakumanja litadzaza theka. Anaimirira msangamsanga, anapukuta manja, n'kupereka moni ndi manja awiri. Mpando wawo anapatsa mlendo, iwo n'kuima.

"Pitirizani, pitirizani," anatero a Mangani. "Ine si mlendo pano. Ndizicheza nanu mukugwira."

Munthu wina aliyense bambo akanamuuza kuti tiyeni pabalaza, izi ndimaliza pambuyo. Koma kusiya ntchito kukanatanthauza kuti mwandisokoneza, ndipo bala la tsiku lija linali lisanapole. Anapitiriza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona bambo akuthira wonga uku akuyankha mafunso: za mvula kumudzi, za mwana wa uje amene wakana sukulu, za maliro a ku Ntcheu amene anthu ankasonkhera. Ine ndinaima pakhomo, mtima uli m'mwamba.

Kwathu ukapeza mnzako akusenda mtedza sukhala manja lende, umakoka mpando n'kuyamba kusenda nawo, nkhani zikuyenda. A Mangani anakulira m'mwambo umenewo, ndipo manja awo anayamba okha. Poyamba ankangowongola makoko a kumanzere kuti aime bwino. Kenako, bambo atatembenukira ku kasikelo, anatola khoko limodzi pa thabwa lakumanja, lothiridwa kale. Analikweza m'mwamba kuti alione, analinunkhiza, anagwedeza mutu. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la jekete lawo. Pofuna kuitulutsa anaika khoko lija pansi mwachangu, m'chibowo chimene chinali pafupi ndi dzanja lawo, pa thabwa lakumanzere.

"Daddy, he moved one!" Mawu anatuluka okha, kenako ndinakumbukira kuti pali munthu wamkulu. "Atenga lakumanja aika kumanzere. Ndaona."

Foni inasiya kulira. M'kachipindamo munangotsala phokoso la makina ochapira a eni nyumba akuzunguza zovala.

"Ine?" anatero a Mangani. "Ndangoligwira n'kulibwezera pomwe linali. Mwanayu wayambanso?" Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "A Sajeni, ine ndi imvi zangazi ndinganame pa kachitsulo aka?"

Ndikhulupirira kuti iwo sankadziwa kuti akunena zabodza. Anali asanaonepo kusiyana kwa matabwa awiriwo, kwa iwo onse anali makoko basi. Koma funso linali litafunsidwa, ndipo linali ndi mayankho awiri okha. Ndinaona maso a bambo akupita pa tochi ili pa msomali. Dzanja lawo linanyamuka pang'ono, kenako linakalowa m'thumba la buluku.

"Tadala, kaike madzi a tiyi."

"Koma adadi..."

"Akulu akamalankhula mwana sayankha. Pita."

Khitchini yathu inali moyang'anizana ndi kachipindako, moti ndinkaona zonse ndili pa sitovu. A Mangani anapinda manja pachifuwa n'kunena kuti pitirizani tione. Sankachezanso momasuka ngati poyamba, ankayang'anitsitsa manja a bambo, kudikira kuti aone ngati akhulupirira iwo kapena kamwana. Bambo akanangozondotsa khoko lililonse asanalithire, wonga ukanagwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kuzondotsako kukanakhala kunena kuti abambo, mawu anu ndikuwayesa. Sanazondotse. Anathira onse, akuyankhabe mafunso a maliro aja, ndipo atafika pamene nthawi zonse ankatenga tochi, anangoyamba kutseka makoko ndi mitu ya mtovu. A Mangani, mtima utakhala pansi, anathandiza kulongedza. Anatola zipolopolo zatsopanozo n'kuziponya m'bokosi limodzi ndi zimene bambo anakonza sabata yonse, zonse zofanana ngati nyemba. Kenako tinamwa tiyi, ndipo anandiyamikira kuti shuga ndathira bwino.

Bambo atabwerako kowaperekeza ku siteshoni ya sitima, ndinawapeza akupukuta mfuti. Panali kachida kokhala ngati hamala komasulira chipolopolo chimene ukuchikayikira, ndipo ndinakatenga n'kukaika pa tebulo.

"Tizimasule zonse, adadi. Ndikuthandizani."

"Zonse? Ndiye mawa ndikawombera chiyani, malalanje?"

"Musapite mawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wandichititsa manyazi kawiri pamaso pa munthu mmodzi. Sikokwanira? Munthu wamkulu wanena kuti sanasunthe kanthu. Nkhani yatha."

Mayi atafika ndinawauza. Anali atavula nsapato, miyendo ataviika m'beseni la madzi otentha, maso ali otseka. Anati bambo ako anagwira mfuti iwe usanabadwe, usawaphunzitse ntchito yawo. Ndinalira chifukwa cha mkwiyo, osati chisoni. Ndinali ndi maso awiri abwinobwino, ndinaona chimene ndinaona, ndipo m'nyumba yonse munalibe amene maso angawo anali ndi ntchito kwa iye.

M'mawa mwake ndinapita ndi bambo ku mpikisano, monga mwa nthawi zonse. Kunali kozizira, udzu uli ndi mame, anthu atagwira makapu a khofi. Opikisana anaima pamzere, aliyense pa katebulo kake, dzanja limodzi m'thumba lina litatambasulidwa. Ine ndinakhala pa benchi kumbuyo nditavala zotseka m'makutu. Bambo ankawombera bwino tsiku limenelo, bwino kuposa masiku onse amene ndinawaonapo. Mzungu wina wachikulire amene ankayang'anira mzere anasuzumira pa chandamale chawo n'kuwakwezera chala chachikulu. Bambo anamwetulira. Ine chipolopolo chilichonse chikalira ndinkapuma, kenako n'kuyambanso kudikira chotsatira. Bokosi litatsala pang'ono kufika theka ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinaona molakwika, ndipo ndinkafunitsitsa kuti zikhale choncho. Ndikanagwadanso pa simenti ija mosangalala.

Kenako chinalira chimodzi, ndipo kulira kwake kunali kosiyana ndi kwina konse, kunandimenya pachifuwa. Utsi utachepa ndinaona mfuti ili pansi, pamwamba pake patang'ambika, ndipo bambo atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, atawerama. Woyang'anira uja anakuwa kuti onse asiye kuwombera. Anthu anathamanga, wina anabweretsa thawulo loyera limene silinachedwe kufiira. Bambo sanakuwe ngakhale pang'ono. Ndinafika pafupi n'kuwagwira malaya, ndikuitana adadi, adadi. Anayang'ana woyang'anira, anayang'ana thawulo, anayang'ana kumwamba, koma ine sanandiyang'ane.

Chala cholozera anachidula kuchipatala. Chachikulu chinatsala, koma chouma, chosapindika. Tsiku lotsatira, mapemphero atatha, a mpingo anabwera gulu, a Mangani ali patsogolo. A Mangani anapemphera nthawi yaitali, mokhudza mtima, azimayi akuvomera. Atamaliza ananena mofatsa kuti Mulungu amalankhula m'njira zambiri, ndipo mwina apa akutiuza kuti mfuti si chida cha Mkhristu. Anthu anang'ung'udza movomereza. Bambo anatulutsa dzanja lamanzere m'bulangeti n'kugwira la a Mangani.

"Zikomo abambo, mwatiyendera. Mulungu akudalitseni."

Ndinatuluka n'kukaima pakhonde pafupi ndi makina ogulitsa zakumwa. Ndinkawada onse nthawi imeneyo, a Mangani, mayi, azimayi ovomera aja, ndi bambo amene. Mayi ananditsatira n'kundinong'oneza kuti ndikayerekeza kutsegula pakamwa ndiona. Sanafunikire kundiopseza. Ndinali nditaphunzira kale kuti pakamwa panga sipasintha kanthu.

Zotsatira zake zinabwera mwakachetechete. Kuntchito anati munthu wa dzanja lotere sanganyamule okalamba, angawagwetse. Anawasamutsira kochapa zovala, maola ochepa, kenako anapeza ntchito yolondera malo oimika magalimoto. Mayi anawonjezera mashifiti, ndipo miyendo yawo sinasiyenso kutupa. Ku bwalo lowomberapo mfuti kuja anthu anali achifundo, anatumiza khadi, koma aliyense wodzaza yekha zipolopolo amadziwa chimene chimang'amba mfuti motero. Bambo, amene ankaunika khoko lililonse ngati akufuna nsabwe, anatsala ndi mbiri ya munthu wosasamala amene anathira kawiri. Makina odzazira zipolopolo aja anagulitsa. Za kundiphunzitsa kuwombera palibe anazitchulanso. Loweruka ankakhala pa sofa kuonera mpira, mawu a TV atatsitsa, dzanja lamanja atalibisa m'khwapa. Za Lachisanu lija m'nyumba mwathu sizinakambidwe ngakhale kamodzi, ndipo a Mangani ankabwerabe kudzamwa tiyi.

Ndili chaka choyamba ku yunivesite ku College Park, a Mangani anapuma pa ntchito n'kuganiza zobwerera kumudzi. Mpingo unawakonzera phwando lotsanzikana mu holo yomwe ija. Wolankhula m'malo mwa abambo onse anasankhidwa bambo anga. Anaima atagwira maikolofoni ndi dzanja lamanzere, n'kuyamika a Mangani kuyambira tsiku la ku bwalo la ndege mpaka tsiku la kuchipatala. Anati munthu uyu anali tate wathu m'dziko la eni. Anthu analira. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo ine chakudya chinandikanika kumeza.

Pobwerera ndinkayendetsa ndine, dzuwa likadalipo. Tinali awiri, mayi anatsala kutsuka mapoto. Titaima pa maloboti ena ndinalephera kupirira.

"Adadi, munaiwala kapena mumangonamizira?"

Sanafunse kuti kuiwala chiyani. Anayang'ana kutsogolo, kwa magalimoto odutsa.

"Ndinaliona nanenso, Tadala."

"Chiyani?"

"Khoko lija. Ndinaona pakona ya diso pamene ankaliika, iwe usanalankhule n'komwe. Ndinati ndisunga malo ake m'mutu, ndikafika pamenepo ndilidumpha mwakachetechete, munthu wamkulu asachite manyazi. Kenako iwe unakuwa, iwo anayamba kundiyang'ana manja, akundifunsa za maliro. Malo aja anandisokonekera."

"Nanga madzulo aja? Ndinakubweretserani chomasulira."

Anasisita chala chouma chija.

"Ndikanamasula, ndiye kuti ndavomera kuti lamulo langa linali loona kuyambira pachiyambi, ndipo ndinakusiya ugwade pa simenti paja pachabe. Ndinalibe mphamvu imeneyo. Ndinadziuza kuti mwina ndinalidumpha." Anakweza chibwano. "Tiye, layaka lobiriwira."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti tsiku limene adzavomere ndidzapepukidwa. Sindinapepukidwe. Ndinkakhala ndi chitonthozo chakuti bambo sanandikhulupirire chifukwa ndinali mwana, ndipo chitonthozo chimenecho anandilanda pa maloboti paja. Anandikhulupirira. Ankadziwa. Anaika nkhope ya a Mangani ndi nkhope yawo mbali imodzi, dzanja lawo mbali inayo, ndipo dzanja linapepuka.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ulemu sindinautaye. Ndimagwadabe popereka moni kwa akulu, ana anga ndimawakakamiza kunena kuti zikomo m'Chichewa ngakhale lilime likuwalemera. Koma ndinazindikira kuti ulemu wina umafuna kuti munthu atseke maso, ndipo umenewo wolipira sakhala wolemekezedwayo. A Mangani anamwalira kumudzi kwawo mwamtendere, ali ndi zala zonse khumi, osadziwa kuti anachitapo kanthu, ndipo aliyense amati anali munthu wabwino. Sinditsutsa. Kungoti mwana wanga akanena kuti amama, apa palakwika, ndimasiya chimene ndikuchita n'kuyang'ana, kaya m'nyumba muli m'busa kaya apongozi. Anthu ena amati ndikulera ana mwachizungu. Anene.

Bambo akalamba tsopano, amakhala ndi ine kuyambira pamene mayi anatisiya. Dzanja lija likamazizira limawawa, ndipo mabatani ang'onoang'ono amawakanika. Lamlungu lililonse ndimaima patsogolo pawo n'kuwamangira malaya kuyambira pansi mpaka pakhosi, iwo atakweza chibwano, akuyang'ana khoma. Sitilankhula. Ndikamaliza amati zikomo mayi, ndipo timanyamuka kupita kukapereka moni kwa akuluakulu.